Ndinanama Kuti Njira Ili Bwino

Abale anga, amayi ndi abambo, mtendere wa Ambuye ukhale pa inu nonse. Amene mwaima pakhomopo lowani mkati, mawu anga sapita patali, kachasu anandiwotcha kukhosi kalekale. Dzina langa ndine Domingo. Ndinabadwira ku Chidzolomondo, konkuno ku Macanga, koma zimene ndikufuna kunenazi zinachitikira ku Tsangano, kumene boma linanditumiza kukaphunzitsa ana nthawi ya nkhondo. Ndikuona ena maso ali psuu ngati anga akale. Musawerame, sindinabwere kudzakudzudzulani. Ndabwera kudzanena zanga, ndipo zanga ndi zoipa kuposa zanu.

Mowa ndinkamwa kale, koma wa Loweruka lokha. Chimene chinandiyambitsira mavuto ndi kapepala. Masiku amenewo kunkabwera zovala zachifundo zija tinkazitcha kalamidadi, ndipo ine ndinalandira chijekete chachikulu chofika m'mawondo. M'thumba mwake ndinapezamo tsamba long'ambidwa m'buku la nkhani, la Chingelezi. Panali zithunzi za amuna a mapewa akuluakulu, atavala zisoti zolimba ngati akupita kunkhondo, akulimbirana mpira wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Pansi pake panali mayina m'mizere. Ndinapita nalo kwa a Kandido, namwino wa pachipatala chathu, amene ankadziwako Chingelezi chifukwa anakulira ku Malawi.

"Uwu ndi mpira wa ku Amereka," anatero a Kandido. "Amaunyamula m'manja n'kumagwetsana. Apa agawa maekipa, matimu a mpira aja, m'magulu, ndiye munthu uyu walemba kuti m'gulu ili woyamba adzakhala uyu, wotsiriza adzakhala uyu."

"Walemba masewero atatha?"

"Ayi, asanayambe n'komwe. Akulosera. Ndipo ndiyo ntchito yake, amadyera pomwepo."

Ndinabwerera kunyumba mutu ukuyenda. Ifenso tinali ndi mpikisano wathu wa mpira wa miyendo, maekipa asanu ndi atatu a m'midzi yozungulira, ogawidwa pawiri: gulu la kumtunda ndi gulu la kudambo. Tinkasewera tikatha kukolola. Achinyamata mudabwa kuti nkhondo ili mkati anthu n'kumathamangira mpira. Tinkathamangira ndithu. Munthu sungakhale chaka chonse ukungotchera khutu kumapiri, ungapenge.

Ndinatenga jizi wa sikola, choko cholembera pabolodi chija, ndinapita pa khoma la kantina kumene tinkamwera, ndinalemba magulu onse awiri, woyamba mpaka wotsiriza, mpira usanamenyedwe ngakhale kamodzi. Anthu anaseka mpaka kugwira m'nthiti. Koma mpikisano utatha, zonse zinali monga ndinalembera. Panalibe ufiti pamenepo. Anyamata ambiri ndinkawadziwa, ndinkadziwa mudzi umene osewera ake abwino atengedwa kupita kuusilikali, ndi mudzi umene wakolola kachewere wambiri moti anyamata ake akudya kukhuta. Koma anthu sanafune kumva zimenezo. Anandipatsa dzina lakuti Mlosi, ndipo kuyambira pamenepo sindinagulenso mowa ndi ndalama yanga.

Zinatsetsereka msanga, abale. Loweruka linasanduka sabata yonse. Ana ndinkawasiya akuimba nyimbo ya mawerengero, ine ndili ku kantina nthawi ya m'mawa. Jizi yense wa sikola anathera pa khoma lija. Mkazi wanga Selina ankandipeza nditagona m'ngalande ya kumsika, akazi anzake akuyang'ana kumbali kuti asamuchititse manyazi. Ndipo anthu anasiya kundifunsa za mpira wokha. Ankati mvula ibwera liti, zigawenga za m'tchire zitsika mwezi uno kapena ayi. Ine ndinkayankha zonse. Mawu akuti sindikudziwa anandichoka m'kamwa. Mayi wina anandibweretsera nkhuku, akulira, kuti mwamuna wake amene anamutenga anthu a mfuti ali moyo kodi. Ndinamuuza kuti adzafika chimanga chikamacha. Nkhukuyo ndinakaisinthitsa ndi botolo tsiku lomwelo.

Chaka chachitatu ndinalemba kuti m'gulu la kumtunda woyamba adzakhala Njati, ekipa ya mudzi umene ndinkakhala. Ndinalumbira pamaso pa anthu kuti ndikalakwa adzandimete mpala ndi chibenthu cha botolo. Pagolo pa Njati pankagwira mlamu wanga Lazaro, mlongo wake wa Selina. Anali munthu wosayankhulayankhula, mlimi, wa ana atatu. Makolo ake anali ndi khola lodzaza, koma nkhondo inamusiyira ng'ombe ziwiri zokha zolimira.

Zinayenda bwino mpaka sewero lomaliza. Njati inali patsogolo ndi pontu imodzi, ndipo inayenera kukasewera kwa Chitsotso, ndi ekipa yawo yotchedwa Mphezi. Unali ulendo wa maola atatu wapansi, njira yodutsa pakati pa mapiri awiri. Lamulo lathu linali lakuti ekipa ikapanda kufika pabwalo, yagonja, mapontu onse apita kwa anzawo. Ndiye tikanakhala pansi, Mphezi ikanatenga gulu, ndipo Mlosi akanametedwa.

Lachinayi amayi otola nkhuni anabwera akuthamanga. Anati aona mapazi a nsapato zachilendo m'njira ija, ndi dothi lofukulidwa chatsopano. Aliyense anadziwa tanthauzo lake: mina, bomba lokwirira m'nthaka. Lachisanu madzulo osewera anakumana pabwalo. Lazaro anayankhula mwachidule.

"Tisapite. Mapontu tidzawapeza chaka chamawa. Mwendo sumeranso."

Ambiri anagwedeza mitu kuvomereza. Kapitawo wa ekipa, bambo wina dzina lake Ernesto, anatembenukira kwa ine.

"Aphunzitsi, inu mukuti bwanji?"

Mvetserani apa, chifukwa ndi pamene ndinagwera. Sindinali woledzera kwambiri tsiku limenelo, sindingabisale kuseri kwa botolo. Ndinaona khoma lija m'maganizo mwanga, ndinaona anthu akundiseka, ndinaona mowa waulere ukutha. Ndipo pakamwa panga panatseguka mosavuta ngati ndikupereka moni.

"Njira ili bwino," ndinatero. "Asilikali adutsamo lero m'mawa, ayendera ponseponse. Wandiuza mmodzi wa iwo ku kantina."

Sindinayankhule ndi msilikali aliyense. Palibe amene anadutsamo. Ndinangodziuza mumtima kuti amayi aja aona mapazi a osaka nyama. Mitima ya anthu inakhala pansi, ena anayamba kuseka. Mlosi wanena, ndiye zatha.

Lamlungu m'mawa, ndikuvala chijekete chija, Selina anaima pakhomo.

"Bambo a Rosa, ndi msilikali uti anakuuzani?"

"Wamtali uja."

"Dzina lake?"

"Kodi ndiwe wapolisi?" ndinamukalipira, n'kumukankhira pambali. M'thumba ndinali nditaikamo kabotolo.

Tinasonkhana pamphambano, anthu khumi ndi anayi. Lazaro anafika pomaliza, akukoka ng'ombe yake imodzi, yamawangamawanga, imene ankaitcha Mawanga. Achikulire mukudziwa mmene tinkayendera masiku amenewo. Njira ikakhala yokayikitsa, ng'ombe inkatsogola pa chingwe chachitali, anthu n'kumabwera pambuyo mmodzimmodzi, aliyense akuponda pamene ziboda zaponda. Ngati pali mina, iphe ng'ombe, anthu apulumuke.

"Alamu, ng'ombe ya chiyaninso?" ndinafunsa. "Simunamve zimene ndinanena?"

"Ndamva," anatero. "Koma Mawanga atsogole basi."

Ng'ombe imeneyo inali chakudya cha ana ake. Ng'ombe imodzi siyikoka khasu yokha. Ndinadziwa zimenezo, komabe ndinamusiya aitsogoze.

Tinayamba ulendo dzuwa litangotuluka. Mawanga patsogolo, kenako Lazaro ndi chingwe, kenako Ernesto, anyamata awiri, ine wachisanu, ena onse pambuyo. Poyamba anyamata ankaimba. Titawoloka kamtsinje n'kulowa pakati pa mapiri, nyimbo inazimirira yokha. Kunali zii. Sitinakumane ndi munthu, ngakhale mbuzi. Maso onse anali pansi, pa fumbi, pa timaenje ta ziboda. Ine thukuta linkayenderera m'msana. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti tibwerere. Kawiri konse ndinatulutsa kabotolo, n'kumeza mawuwo pamodzi ndi kachasu.

Panali malo ena pamene njira inkakhota pafupi ndi mwala waukulu. Mawanga anafika pamenepo n'kuima. Anakana kuyenda. Lazaro anamuyankhula, anagwedeza chingwe, ng'ombe osasuntha. Ine ndinakuwa kuchokera kumbuyo.

"Imenyeni, tichedwa!"

Lazaro anakulunga chingwe m'dzanja, anasendera pafupi, anaimenya pang'ono pantchafu. Ng'ombe inaponya phazi limodzi, lachiwiri.

Phokoso lake sindingalifotokoze. Ndinangozindikira ndagwada, m'kamwa muli dothi, m'makutu mukulira ngati nyenje. Miyala ing'onoing'ono inkagwabe kuchokera kumwamba. Fumbi litachepa, ndinaona Mawanga atagona chammbali, mbali yakutsogolo kulibe. Lazaro anali chagada pafupi ndi mwala uja. Mwendo wake wamanzere, kuyambira pa bondo kutsika, sunali ngati mwendo. Sankakuwa. Ankangoyesa kudzuka, n'kugwanso.

Mnyamata wina anafuna kuthawira m'tchire. Ernesto anakuwa ndi mawu amene sindinawamvepo.

"Wina asasunthe! Imani pamene mwaimapo! Sakwirira imodzi yokha!"

Tinaima. Anthu khumi ndi atatu, aliyense pa kaenje ka chiboda, ngati mitengo. Kuchokera pamene ndinali kufika kwa Lazaro panali mapazi ngati khumi ndi awiri. Koma dothi la bomba lija linali litakwirira ziboda zomalizira, moti sitinkaonanso pamene ng'ombe inaponda. Magazi ankayenderera m'fumbi. Ndinkawaona akukula pang'onopang'ono, ndipo ndinadziwa kuti tikachedwa mlamu wanga afera pamaso pathu.

Ernesto anatembenuza khosi lokha, mapazi osasuntha. Nkhope yake inali ndi magazi a ng'ombe. Sanandifunse monyoza ayi. Anandifunsa ndi mtima wonse, ngati mmene mwana amafunsira bambo wake.

"Aphunzitsi, tiuzeni. Tiponde pati? Inu mumaona."

Onse anandiyang'ana. Ngakhale Lazaro anatembenuza mutu. Anthu amenewa ankakhulupiriradi kuti ndingathe kuloza malo. Ndipo abale, ndikuuzeni zoona, lilime langa linali litakonzeka kale. Linkafuna kunena kuti pondani kumanja, kumanja kuli bwino. Linazolowera. Ernesto akanaponda, chifukwa Mlosi wanena.

"Sindikudziwa," ndinatero.



"Sindikudziwa, a Ernesto. Sindiona kanthu. Ndipo palibe msilikali amene anadutsa muno. Palibe amene anandiuza. Ndinanama."

Mnyamata wina kumbuyo anayamba kulira mosisima. Lazaro anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza maso ake kumwamba. Kuyang'ana kumeneko kunandipweteka kuposa chibakera chilichonse chimene ndinalandirapo.

Musaganize kuti ndinalimba mtima. Ndinali nditadzinyowetsa kale ndi mantha. Koma ndinaona kuti ngati pali munthu woyenera kuponda posadziwika, ndi ine. Ndinavula chijekete, ndinachiika pansi pamene ndinaima. Kuti ndidutse anthu atatu amene anali patsogolo panga, tinkagwirana m'chiuno, phazi langa n'kulowa pamene phazi la mnzanga lachoka. Nditadutsa Ernesto ndinatsala ndekha. Mapazi anayi oyamba ziboda zinkaoneka. Kenako dothi lokhalokha. Ndinagwada, ndinayamba kusesa ndi zala pang'onopang'ono, ndikufunafuna kaenje ka chiboda pansi pa dothi latsopanolo. Ndikakapeza, ndinkaikapo phazi. Pena sindinakapeze. Pamenepo ndinkangotseka maso, n'kuponda, n'kudikira. Pemphero lonse linandithawa, ndinangotsala ndi dzina la Yesu, ndikulitchula pa phazi lililonse.

Nditafika kwa Lazaro, ndinamasula chingwe cha ng'ombe m'dzanja lake, ndinamanga pamwamba pa bondo mwamphamvu monga a Kandido anatiphunzitsira, ndinapotokola ndi kamtengo mpaka magazi anachepa. Ndinamubereka. Pobwerera ndinkaponda m'mapazi anga omwe, munthu ali kumsana. Mpweya wake unkandiwotcha m'khutu. Ndinadikira kuti anditukwane. Sananene ngakhale liwu limodzi. Tonse tinatembenuka mmodzimmodzi n'kubwerera m'ziboda zomwe zija, tikulandirana pomunyamula, mpaka kumudzi. A Kandido anachita zimene akanatha, kenako anamuwolotsa malire pa ngolo kupita naye kuchipatala cha ku Malawi. Anabwerako patapita miyezi iwiri, mwendo atadula m'munsi mwa bondo.

Mukuganiza kuti ndinasiya mowa tsiku lomwelo? Ayi. Ndinamwa masiku anayi osapuma. Ernesto anandimenya pa msika, dzino ili likusowa apali, ndipo sindimuimba mlandu. Selina anatenga ana n'kupita kwa amayi ake. Tsiku lachisanu masana a Kandido anandipeza nditagona kuseri kwa sikola ndikulira. Anandigwedeza ndi phazi.

"Dzukani, aphunzitsi. Misozi yanuyi Lazaro sangadye. Mvula ili pafupi, munda wake sunalimidwe, ng'ombe yatsala imodzi. Mukufuna kufa? Mukafere kumunda kwake, khasu lili m'manja."

Mawu amenewo ndi amene anandidzutsa, ndipo inenso ndikukupatsani omwewo. Ndinayamba ndi khoma. Ndinatenga ndowa ya madzi dzuwa lili pamutu, anthu akuona, ndinatsuka zonse zimene ndinalemba. Kenako ndinafunafuna mayi wa nkhuku uja. Ndinamupeza akukonzabe nyumba kudikira mwamuna wake. Ndinagwada, ndinamuuza kuti sindinkadziwa kanthu, ndinangomudyera nkhuku. Anandithira malovu, ndipo anali ndi chifukwa. Lamlungu ndinaimirira m'tchalitchi n'kunena bodza langa lonse, osachotsera, osanena kuti unali mowa.

Za thupi, a Kandido anandiuza zosavuta. Manja akayamba kunjenjemera, idyani kanthu, imwani thobwa, musakhale nokha. Njira yodutsa pa kantina muisiye, ngakhale inayo ikhale yotalika. Ndinatero. Ndinkazungulira kuseri kwa msika, anzanga akundikuwiza kuti Mlosi wathawa. Ndinagwa kawiri, sindibisa. Kamodzi pa maliro, kamodzi tili kothawa nkhondo ku Malawi. Nthawi zonse ziwiri ndinapita ndekha kwa a Kandido m'mawa mwake kukanena, asanamve kwa ena. Mukagwa, nenani msanga. Chobisika ndi chimene chimakula.

Ndipo ndinkalima. M'mamawa ndisanapite ku sikola, ndi madzulo ndikaweruka, ndinali m'munda mwa Lazaro. Manja a mphunzitsi anatuluka matuza, anaphulika, anauma. Ndinkapalira minda ya anthu ena kuti atibwereke ng'ombe yophatikiza ndi yotsala ija. Ndinabzala kachewere, nyemba, chimanga. Iye ankakhala pakhonde ndi ndodo zake, akundiona. Ndikapereka moni, ankayankha mkazi wake. Selina anabwerera patatha chaka, atafunsa kaye anthu ngati ndikudutsabe kuseri kwa msika. Koma Lazaro sanandiyankhule. Tinathawa limodzi pamene mudzi unawotchedwa, tinakhala mumsasa umodzi, tinabwerako limodzi mfuti zitaleka. Zaka zonsezo, ine kwa iye ndinali ngati mphepo.

Inu amene mukuyamba ulendowu, apa ndi pamene ambiri amabwerera ku botolo. Mwasiya mowa, mwapepesa, mukugwira ntchito, koma amene munamulakwira sakumwetulira. Mtima umati nanga ndikuvutikiranji? Ine ndinaphunzira kuti kukhululuka ndi kwa iyeyo, sindingamukakamize ndi thukuta langa. Changa chinali kufika m'mawa ndi khasu.

Tsiku lina, nkhondo itatha, ndinkakumba kachewere m'munda mwake. Ndinamva ndodo zikubwera m'mizere. Anaima pafupi nane, akupuma mwamphamvu. Ndinapitiriza kukumba chifukwa ndinkaopa kudzutsa mutu.

"Alamu," anatero.

Khasu linandigwa m'manja. Linali liwu loyamba kuchokera tsiku lija.

"Za mwendo ndakukhululukirani. Za Mawanganso. Ana anga adya chifukwa cha manja anu, ndaona." Anayang'ana kumapiri. "Koma mudziwe chinthu chimodzi. Ine sindidzakufunsaninso njira."

Ndinalira m'mundamo ngati mwana, iye atagwira phewa langa kuti asagwe.

Ndipo anasunga mawu ake. Lero ndife okalamba, timadya mbale imodzi, timaseka limodzi. Mwezi watha anabwera kuno ku Furancungo, likulu la Macanga, kudzandiona. Atatsika chapa, minibasi ija, ankafuna kupita kuchipatala kukakonzetsa lamba wa mwendo wake wamtengo. Ine ndakhala pano zaka zambiri, chipatala ndimachidziwa ngati khomo langa, ndipo ndinali nditaima pambali pake, nditamunyamulira chikwama. Anaimitsa mayi wogulitsa nthochi, munthu amene sanamuonepo chibadwire, n'kumufunsa kuti kuchipatala n'kuti. Mayiyo analoza. Ine ndinangotsatira pambuyo.

Zanga ndi zimenezo, abale. Mulungu amene ananditulutsa pa njira ija akutulutseni inunso pamene mwaima. Amen.